Mgodi Usatseguke Mudzi Usanamve

Phiri ndi madzi ace

Munthu woima pamwamba pa phiri la Dedza m'mawa wa mwezi wa June, cisanu cirikumluma m'makutu, amaona dziko litayalidwa pansi pace ngati mphasa. Amaona minda ya mbatata ya kacewere, madimba a kabici ndi nyemba, nkhalango ya Chongoni, ndi timitsinje toyamba ngati ulusi, timene timakumana kumunsi ndi kukulitsa mtsinje wa Linthipe. Phirilo nlalitali mamita 2,198. Cuma cace coposa zonse ndi madzi amene limamwa m'dzinja ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono m'akasupe caka conse.

M'mapiri a Dedza simukumbidwa malasha. Miyala yace ndi ya mtundu wina, yolimba, yosasunga malasha m'kati mwace. Malasha a dziko la Malawi ali kumpoto, m'maboma a Rumphi ndi Karonga, ndiponso kumwera m'cigwa ca Shire, ku Lengwe ndi ku Mwabvi. Mgodi wodziwika koposa ndi wa Mchenga ku Rumphi, umene unayamba nchito m'zaka za m'ma 1980, ndipo malasha ace amapita ku mafakitale kukasonkha moto. Tsono wina angafunse kuti, "Nanga nkhani ya mgodi wa malasha imkhudza bwanji mlimi wa ku Bembeke kapena wa kwa Kaphuka?"

Imkhudza pa zifukwa zitatu. Coyamba, lamulo loweruza mgodi wa malasha ndilo lomwe liweruza wophwanya miyala ya msewu, wokumba dongo lambiri la mbale, ndi mlendo ali yense wobwera ndi makina kudzafuna miyala ya mtengo wapatali m'phiri. Caciwiri, kuyambira kale amuna a dziko lino akhala alikupita ku migodi ya kutali, ndipo ena sanabwerere. Cacitatu, Linthipe amathira m'nyanja yomweyo imene imalandira mitsinje ya ku Rumphi ndi Karonga. Akale anati, caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe.

Cotero mau a nkhani ino ndi awa: Boma lisapereke cilolezo ca mgodi wa pansi pa nthaka anthu a pamalopo asanamve m'cinenero cao zonse zimene mgodiwo udzacita, ndiponso ndalama zodzatsekera mgodiwo zisanaikidwe padera. Cilolezo coperekedwa mudzi uli mumdima ndi cinyengo, ngakhale cikhale ndi cidindo cokongola cotani.

Mgodi wa pansi umabisa nchito zace

Migodi iri ya mitundu iwiri. Wina ndi wa dzenje loyasama, umene ali yense amauona ndi maso. Wina ndi wolowa pansi ngati una wa mbewa. Eni migodi amakonda kutamanda waciwiriwu, amvekere, "Onani, minda yanu sitiikhudza, ife tidzangoyenda pansi." Mau amenewa ngozuna, koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mgodi wa pansi uli ndi mabvuto asanu amene munthu wa pamwamba sangawaone kufikira atamgwera.

Loyamba ndi kutitimira kwa nthaka. Malasha amagona pansi ngati cikwama copyapyala pakati pa miyala. Okumba amasema zipinda m'malashamo, nasiya mizati ya malasha omwewo kuti igwire denga. Mzati uli wonse ndi malasha osagulitsidwa, cotero mwini mgodi waumbombo amayesedwa kuisema kuti icepe. Mizati ikafooka denga limagwa, ndipo pamwamba munda umatitimira, makoma a nyumba amang'aluka. Izi zingathe kucitika patapita zaka makumi awiri, kampani itacoka kale.

Laciwiri ndi madzi. Ngalande ya pansi iri ngati ciboo pansi pa mtsuko. Madzi a m'nthaka amatsikira m'menemo, ndipo kampani imawapopera kunja usana ndi usiku kuti anchito asamire. Pamene madzi alikutsikira pansi, zitsime ndi akasupe a pamwamba amayamba kuphwa. Ndiponso m'malasha ambiri muli mwala wonyezimira wokhala ndi sulufule. Mwalawo ukakumana ndi mphepo ndi madzi umabala madzi owawasa, acikasu kapena ofiira ngati dzimbiri, amene amapha nsomba ndi kuumitsa mbeu. M'caka ca 2012 anthu a m'tauni ya Carolina ku South Africa anakhala miyezi yambiri osamwa madzi a m'mipopi yao, cifukwa madzi otere ocokera ku migodi ya malasha analowa m'damu lao.

Lacitatu ndi mpweya wochedwa methane, umene umatuluka m'malasha. Ulibe pfungo, ulibe maonekedwe, koma ukaculuka kamoto kakang'ono kokha kamauphulitsa. Ukaphulika umautsa pfumbi la malasha, ndipo pfumbilo limayaka ndi kuthamanga m'ngalande zonse koposa moto wa lupsa. Pfumbi lomwelo likamalowa m'mapapo zaka zambiri limadwalitsa cifuwa cosacira.

Lacinai ndi mulu wa zotaya. Pa malasha onse ogulitsidwa pamatulukanso miyala ndi dothi lopanda nchito, ndipo izi amaziunjika kunja ngati culu cacikulu. Mvula ikamagwa imakokolola zakudazo kunka nazo kumadimba.

Lacisanu ndi moto wa pansi. Malasha osiyidwa poyera mphepo amatha kudziyatsa okha ndi kunyeka mwakacetecete zaka zambiri. Ku Hwange, m'dziko la Zimbabwe, ana apsa miyendo poponda nthaka yooneka yabwino, pamene pansi pace pali makala a moto.

Zonsezi akatswiri amazidziwa. Sizigwa ngati mphenzi. Zimayezedwa, zimawerengedwa, ndipo zambiri zimapeweka ngati mafunso afunsidwa khasu lisanagwe pansi.

Manda atatu ophunzitsa

Pa 21 January 1960, ku mgodi wa Coalbrook ku South Africa, denga linayamba kugwa madzulo. Anchito anamva kulira kwa miyala nathawira kunja, koma ambiri anabwezedwa ku nchito. Patapita maora ocepa mizati mazanamazana inaphwanyika motsatana, ndipo anthu oposa 430 anatsekeredwa pansi. Panalibe mtembo ndi umodzi womwe umene unatulutsidwa. Mizatiyo inali itasemedwa mopitirira muyeso, ndipo cenjezo linalipo, pakuti mbali ina ya mgodiwo inagwa kale mwezi wa December. Masamu oyezera kukula koyenera kwa mizati anapezeka m'caka ca 1967, akazi amasiye atabvula kale zakuda.

Pa 6 June 1972, ku Wankie, kumene lero kuchedwa Hwange, mpweya ndi pfumbi la malasha zinaphulika m'mgodi wa nambala 2, pa khomo la Kamandama. Anafa anthu 427, ndipo mwa iwo munali Amalawi 37. Patapita masiku ocepa khomolo linatsekedwa ndi simenti, mitembo yambiri iri m'kati, ndipo iri momwemo kufikira lero. Amenewa anali ana a eni ace, ocokera m'midzi yonga ya wowerenga, amene anapita kukafuna ndalama za msonkho, za malata ndi za njinga. Bungwe lofufuza linakhala pansi maliro atacitika.

Manda acitatu ndiwo oyenera kuwakumbukira koposa anthu okhala m'tsinde mwa phiri. Ku Aberfan, m'dziko la Wales ku Ulaya, eni mgodi anaunjika zotaya zao pa phiri pamwamba pa mudzi, pa malo pamene panali akasupe. Akasupewo anali olembedwa pa mapu, ndipo anthu a m'mudzimo anali atadandaula kale za muluwo. Pa 21 October 1966, itagwa mvula yambiri, muluwo unasungunuka ngati phala nutsikira pa sukulu ya ana m'mawa, maphunziro atangoyamba. Anafa anthu 144, ndipo 116 mwa iwo anali ana. Bwalo lofufuza linapeza kuti mlandu unali wa bungwe la boma loyendetsa migodiyo.

M'malo atatu onsewa kufufuza kunacitika, ndipo kunacitika bwino, koma kunadza mocedwa. Madzi akatayika saoleka. Ndico cifukwa cace maiko anapanga malamulo akuti kufufuza kuzitsogola, kukumba kuzitsatira.

Lamulo la dziko lino likuti ciani

Wowerenga adziwe poyamba kuti munthu ali ndi munda wace pamwamba, koma miyala ya cuma ya pansi pa mundawo si yace. Ndi ya dziko lonse, ndipo Boma ndilo lipereka cilolezo coikumba. Zilolezo nzosiyana. Ciripo cofufuzira cabe, cimene cilola alendo kuyenda ndi kuboola timaenje toyesera. Ciriponso cokumbira, cimene ndico cacikulu. Munthu wokhala ndi coyambaco alibe mphamvu yotsegula mgodi, ndipo mudzi uli ndi ufulu kumfunsa kuti aonetse pepala limene wanyamula.

Lamulo lalikulu la dziko, la m'caka ca 1994, m'gawo 13, lilamula Boma kusamala cilengedwe ndi kukumbukira ufulu wa mibadwo ya m'tsogolo. M'caka ca 1996 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo losamalira cilengedwe, limene linati nchito zazikulu zonga migodi ziyambe zaunikidwa. M'caka ca 2017 linadza lamulo latsopano m'malo mwace, ndipo linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, limene ambiri amangoliti MEPA. Lamulo la migodi la 1981 nalo linasinthidwa m'caka ca 2019, ndiponso kaciwiri m'caka ca 2023. La 2019 ndilo linayamba kunena kuti mgodi waukulu upangane pangano lolembedwa la citukuko ndi midzi youzungulira. Liriponso lamulo lopatsa munthu ali yense ufulu wopempha nkhani zosungidwa m'maofesi a Boma, limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 2020.

Njira yace imayenda motere. Kampani imalemba kalata yofotokoza cimene ifuna kucita. Akuluakulu a za cilengedwe akaona kuti nchitoyo njaikulu, amalamula kuti pacitike kauniuni. Kampani imalemba akatswiri oyeza madzi, nthaka, mphepo, mitengo ndi makhalidwe a anthu, ndipo akatswiriwo ayenera kumvanso maganizo a eni dera. Atatha amalemba lipoti lonena zoipa zimene zingadze ndi njira zozicepetsera. Boma limawerenga lipotilo, ndipo lingathe kulikana, kulibweza kuti likonzedwe, kapena kulibvomera ndi kuikapo malamulo ena. Cilolezo cokumbira siciyenera kutuluka lipoti lisanabvomerezedwe.

Lamuloli nlabwino. Koma liri ndi ziboo ziwiri zimene munthu woona mtima sangazibise. Coyamba, akatswiri olemba lipoti amalipidwa ndi kampani yomwe ifuna cilolezo. Mbuzi ikalemba nchito mlonda wa cimanga, mwini munda ayenera kugona ndi diso limodzi. Caciwiri, lipoti limalembedwa m'Cingerezi cozama, masamba ambirimbiri, ndipo limakhala m'maofesi a kutauni. Mai amene citsime cace cidzaphwa sadzaliona konse ngati palibe womuwerengera.

Zimene zinacitika ku Mwabulambo

Kuti wina asanene kuti izi ndi nkhani za maiko a kutali, nayi ya kwao kuno. Ku Mwabulambo, m'boma la Karonga, kampani ya Eland inayamba kukumba malasha m'caka ca 2007, ndipo inaleka m'caka ca 2015. Mwezi wa September m'caka ca 2016, bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la zimene linaona ndi kumva m'midzi ya pafupi ndi migodi ya ku Karonga. Linapeza kuti ku Mwabulambo kunatsala maenje akuya odzala madzi ndi milu ya malasha, pafupi ndi pokhala anthu. Anthu anauza ofufuzawo kuti sanauzidwe bwino za kuopsa kwa mgodi, kuti ena anasamutsidwa mofulumira ndi cipepeso cocepa, kuti zokolola zao zinatsika, ndi kuti sanamve zotsatira za kuyeza madzi amene amamwa.

Wowerenga awerengere zaka. Lamulo la kauniuni linabadwa m'caka ca 1996. Mgodiwo unatsegulidwa patapita zaka 11. Cotero lamulo linalipo, maofesi analipo, mapepala analipo. Cimene cinasowa ndi makutu a mudzi, ndiponso ndalama zotsekera maenje mlendo atanyamula katundu wace. Mlendo ndi mame, dzuwa likakwera sapezeka. Dzenje ndilo limatsala ndi eni mudzi, ndipo ana ao ndiwo amasewera m'mphepete mwace.

Kutsidya kwa malire a Dedza kuli Angonia, m'cigawo ca Tete ku Mozambique, kumene kuli abale olankhula cinenero comweci. M'cigawo comweco muli Moatize, kumene kuli migodi yaikulu ya malasha ya maenje oyasama. M'zaka za 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsira mabanja oposa 700 ku malo ochedwa Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Anthuwo anadandaula za nthaka yosabereka ndi nyumba zong'aluka, ndipo mwezi wa January 2012 anakhala pa njanji kutsekereza sitima ya malasha. Mau amene sanamveke pa bwalo anakamvekera pa njanji.

Kuyankha otsutsa

Alipo anthu anzeru ndi aulemu amene sagwirizana ndi mau awa, ndipo ayenera kuyankhidwa.

Ena amati, "Dziko nlosauka. Anyamata alibe nchito, mafakitale afuna malasha, ndipo malasha ogula kunja amadya ndalama za dziko. Kucedwetsa mgodi ndiko kucedwetsa citukuko." Zoti dziko lifuna nchito nzoona, ndipo nkhani ino siikuti malasha asakumbidwe. Koma malashawo agona pansi zaka zosawerengeka. Miyezi isanu ndi umodzi yofotokozera mudzi siidzawaoletsa. Kampani imene singathe kupirira miyezi yocepa kuti anthu amve, idzapirira bwanji zaka zotsekera dzenje pamene phindu latha? Ndipo mtengo wa citsime cophwa, wa munda wotitimira ndi wa mwana womira m'dzenje sucoka m'thumba la kampani yopita. Umagwera mudzi ndi Boma lomwelo losauka. Citukuko cobweza ngongole yoposa cimene cinabweretsa si citukuko.

Ena amati, "Nkhani izi nza ophunzira. Anthu a kumudzi sangamve za mpweya ndi za miyala." Awa ndi mau acipongwe, ndiponso abodza. Mai amene watunga pa kasupe mmodzi zaka makumi atatu amadziwa mwezi umene madzi amacepa, caka cimene anaphwa, ndi mbali imene amacokera, koposa katswiri wogona masiku atatu ku nyumba ya alendo. Mdala woweta ng'ombe amadziwa pamene nthaka imagumuka mvula ikaculuka. Anthu a ku Aberfan sanali akatswiri, koma ndiwo anaona ngozi poyamba. Ngati katswiri alephera kufotokoza nchito yace m'Cicewa, m'Citumbuka kapena m'Cinkhonde, kulepherako nkwace, si kwa omvera.

Ena amati, "Mfumu yabvomera kale, mlandu watha." Ufumu ngolemekezeka, ndipo palibe nchito ingayende bwino pa mudzi mfumu itapatulidwa. Koma mfumu ndi msungi wa dziko la makolo, si mwini sitolo wogulitsa katundu wace. Mwa mwambo wa Acewa ndi wa Angoni womwe, nkhani yaikulu imatha pa bwalo, nduna ndi eni mbumba alipo, si m'galimoto ya mlendo magalasi atatsekedwa. Mutu umodzi susenza denga. Mfumu yanzeru imakana kudinda cala yokha, pakuti idziwa kuti tsiku limene citsime cidzaphwa, anthu adzabwera pa khomo pace, osati ku likulu la kampani.

Pali ngozi inanso yoyenera kuichula poyera. Msonkhano ungathe kuitanidwa mwadzidzidzi tsiku la msika kapena nthawi yopalira, alendo nkulankhula za sukulu, za cipatala ndi za msewu, osachula ngakhale kamodzi za madzi. Pomaliza pepala nkuyenda lakuti onse obwera alembe maina kuti alandire cakumwa. Pepala lotere ndi umboni wakuti anthu anabwera. Si umboni wakuti anamva, ndipo si umboni konse wakuti analola. Woliika m'lipoti ngati cibvomerezo ca mudzi wanama kwa Boma, ndipo mkulu wa Boma wolilandira osafunsa wathandiza bodzalo.

Otsiriza amati, "Boma lidziwa, musalibvute." Koma ofesi iri ku Lilongwe, ndipo kasupe ali kumudzi. Oyendera migodi sangakhale pa mgodi tsiku ndi tsiku. Maso amene sacoka pamalopo ndi a eni mudzi. Boma lanzeru limawatenga kukhala alonda anzace. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mafunso a pa bwalo

Nkhanga zinapangana kusanapse. Mudzi uli wonse, wa ku Rumphi kapena wa m'mapiri a Dedza, ukaona alendo a makina, uyenera kukhala ndi mafunso ace okonzeratu, ndipo Boma liyenera kukana cilolezo kufikira atayankhidwa.

1. Kodi lipoti la kauniuni lawerengedwa mokweza pa bwalo m'cinenero ca eni dera, ndipo kope lace lasiyidwa kwa mfumu ndi ku sukulu kuti anthu aliwerenge mofatsa?

2. Kodi zitsime, mijigo ndi akasupe onse awerengedwa ndi kuyezedwa kukumba kusanayambe, ndipo zotsatira zace zalembedwa ndi kupatsidwa kwa mudzi? Popanda ici, tsiku lodandaula kampani idzati madziwo anali oipa kale, ndipo padzasowa mboni.

3. Kodi mapu a ngalande za pansi aonetsedwa? Zidzapita pansi pa minda ya yani, pa nyumba ziti, pa mtsinje uti, ndi pa manda ati? Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za makolo pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'caka ca 2006 kukhala cuma ca dziko lonse lapansi. Zotere zikaphwanyika palibe ndalama yozibweza.

4. Kodi mulu wa zotaya udzaikidwa pati? Pamwamba pa mudzi kapena kumunsi? Pansi pace pali kasupe? Madzi opopedwa m'mgodi adzathiridwa kuti, ndipo adzayamba atsukidwa?

5. Kodi ndalama zodzatsekera makomo, kukwirira maenje ndi kubzala mitengo zaikidwa kale m'manja mwa Boma kapena ku banki, kumene kampani singazitenge pothawa? Nzingati?

6. Kodi malonjezo onse alembedwa, liri lonse ndi tsiku lace, ndi kusainidwa pamaso pa Bwanamkubwa wa boma? Lonjezo la pakamwa limauluka ndi pfumbi la galimoto.

7. Kodi amai analipo ndipo analankhula? M'midzi yambiri ya m'cigawo ca pakati munda umatsata mbumba, ndipo otunga madzi ndi amai. Msonkhano wa madzi wopanda amai uli ngati mlandu wozengedwa mwini wace palibe.

8. Kodi anyamata olowa pansi adzatetezedwa bwanji? Woyeza mpweya ndani, makina opemerera mphepo alipo, ndipo wobvulala adzalipidwa ndi yani?

Kampani yoona mtima siiopa mafunso awa, pakuti mayankho ace iri nao kale. Imene imakwiya ikafunsidwa yadziulula yokha.

Nchito ya munthu wodziwa kuwerenga

Wowerenga nkhani ino kapena waphunzira zilembo atakula kale, atakhala pa benci madzulo, manja atatopa ndi khasu. Ena anamseka kuti sukulu ya ukalamba njopanda phindu. Phindu lace nali. Tsiku limene pepala lidzayenda pa bwalo, iye ndiye adzaimirira mwaulemu, nadzati, "Pepani mfumu, pepani alendo, aloleni anthu ayambe amva zolembedwa umu asanadinde." Adzawerenga pang'onopang'ono, liu ndi liu, ndipo pamene sanamve adzafunsa. Pepala likakhala la Cingerezi adzapempha kuti limasuliridwe, ndipo mudzi udzadikira. Safunsa anadya phula.

Nawo akuluakulu a maofesi akumbukire kuti cidindo cao ncolemera. Cimatenga kamphindi kucidinda, koma ngalande yokumbidwa pansi pa mudzi siikwiririka ndi kalata yopepesa. Ngati mudzi sunamve, lipoti libwezedwe. Ngati ndalama zotsekera sizinaikidwe, cilolezo cikhale m'kabati. Malasha adzadikira, pakuti alibe kopita. Akasupe a m'phiri akaphwa, ana a mudziwo ndiwo adzasowa kopita.